Chigongono cha mphwanga wa javelini: pamene tafika chichitikireni opaleshoni

Julayi, masabata awiri oyamba

Ndaganiza zomalemba izi kuti tizidziwa pamene tili, ineyo, achemwali anga ndi mwini mkonoyo, komanso aphunzitsi anzanga a masewero amene mumangondifunsa tikakumana pa boma kuti kodi mwana wa javelini uja zikuti bwanji. Kwa amene simukundidziwa ndine mphunzitsi kuno ku Kasungu, ndikaweruka ndimaphunzitsa ana zothamanga ndi zoponya, nde wachitidwa opaleshoniyu ndi mphwanga weniweni, mwana wa achemwali, zaka 19, amaponya ndi dzanja lamanja javelini, nthungo ya masewero ija, ya amuna akuluakulu ya magalamu 800.

Chinaduka ndi ligamenti, kachingwe kolimba kolumikiza fupa ndi fupa, ya mkati mwa chigongono, madokotala amangoti UCL. Mukapinda mkono nkugwira kafupa kotuluka kaja ka mbali yoyang'ana kunthiti, ligamentiyo imayambira pamenepo nkukagwira fupa la mkono la mbali ya chala chaching'ono, nde ntchito yake ndi kuletsa chigongono kuti chisayasamule cham'kati nthawi ija thupi lapita kutsogolo koma dzanja ndi javelini zikadali kumbuyo. Munthu wongopalasa njinga kapena wogulitsa mu shopu atha kukhala nayo yong'ambika moyo nkumayenda bwinobwino, koma woponya ayi ndithu. Iyeyu anayamba kale kudandaula kuti pakumawawa akaponya kwambiri, kenako tsiku lina pa mpikisano anangomva kuti phwa m'katimo, javelini inagwera pafupi pomwepo, ndipo atamujambula ndi MRI, makina oona m'kati mwa thupi, anapeza kuti yadukiratu.

Opaleshoni anakachitira ku Joni, kuli amalume ake aang'ono amene anathamanga nazo, ndalama zina ndi za fodya amene alamu anagulitsa ku Chinkhoma, sindibisa banja lonse linatsomphoka. Yodukayo sanasoke chifukwa inali itathaitha, anachotsa tendoni ina, mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, pamkono womwewo yotchedwa palmaris longus, anaboola timabowo m'mafupa awiri aja nkuilowetsamo kuti igwire ntchito ya ligamenti. Mukafuna kuiona yanu gundanitsani chala chachikulu ndi chaching'ono nkupinda dzanja pang'ono, katuluka kamtsempha pakati pa mkono, koma ena amabadwa alibe ndipo sizivuta chilichonse, oterowo madokotala amakatenga ya mkati mwa ntchafu.

Wabwera ndi chikhakha cha theka, mkono uli chipindire pa madigiri 90. Ntchito ya pano ndi yochepa koma sitikuphonya, kufinya masokosi okulunga m'manja, kugwedeza zala, kulimbitsa minofu ya phewa osasuntha mkono, kugona atautsamiritsa pa pilo kuti kutupa kuzitsika. Ayisi tikugwiritsa mafirizesi okulunga mu kansalu, magetsi akavuta ndiye nsalu yonyowa ndi madzi a mumtsuko basi, mwayi wake Julayi kuno kumazizira kale.

Zimene tikuyang'anira tsiku ndi tsiku ndi zitatu, bala ngati likutuluka mafinya kapena kufiira, kutentha thupi, ndi dzanzi pa chala chaching'ono ndi choyandikana nacho. Za kutentha thupizi ndawauza achemwali kuti tisamangothamangira kuti ndi malungo ayi, akayezetse inde koma bala alionenso. Za dzanzizo nchifukwa choti kuseri kwa kafupa kaja kumadutsa mtsempha wa ulnar, uja ukagunditsa chigongono pa tebulo dzanzi limathamanga mpaka ku chala, nde opaleshoni imachitikira pafupi penipeni ndi iwo. Masiku oyamba amati kachala kakuchita ngati si kake, pano akuti zikuchepa.

Ogasiti, sabata ya 3 mpaka ya 6

Chikhakha chinachoka, ulusi anachotsa, bala lauma bwino. Pano ali ndi buleisi ya mahinjesi, ili ndi kotchuna m'mbali kuti mkono uzipinda ndi kuwongoka mpaka pamene walolezedwa basi. Anayambira pa madigiri 30 mpaka 100, sabata iliyonse tikumawonjezera pang'ono monga mwa pepala limene adokotala anatipatsa, cholinga nchoti pofika sabata ya 6 mkono uziwongoka ndi kupinda wonse.

Afizio amene akutithandiza, akatswiri aja ochiza ndi ma ekisesaizi, ali ku Lilongwe, sitingamapiteko sabata iliyonse ndi mtengo wa minibasi wa masiku ano, nde timapita mwa apo ndi apo, pakatipa ndimamujambula vidiyo nkutumiza pa WhatsApp iwo nkumatiuza chokonza. Choyezera madigiri tilibe koma ndinabwereka protractor yaikulu ya pa bolodi ija kwa mphunzitsi wa masamu, ndimamugoneka pa mphasa, mkono pa thaulo lopinda, nkuyeza malo amodzimodzi nthawi zonse, Loweruka m'mawa asanadye. Kupinda kukuyenda msanga, kuwongola ndi kumene kukukanirira, kwatsala madigiri ngati 10 kuti ufike. Afizio anati tisaukoke mwamphamvu olo pang'ono, azingogona chagada mkono uli lende kunja kwa bedi atagwira kabotolo ka madzi ka 500 ml, kulemera kwake kuziuwongola kokha kwa mphindi zingapo. Anatinso oponya ambiri mkono wawo sumawongokeratu ngakhale asanavulale, nde tisachite nazo mantha kwambiri koma tisazisiyenso.

Kunyumba nkhani yakula ndi ya nsima. Masabata oyamba dzanja lamanja silimafika kukamwa nde amadya ndi lamanzere, agogo ake zinawanyansa zedi, amati mwana wa ndani wodya ndi manzere pagulu, mpaka achemwali anachita kuwakhazika pansi. Kupereka moni nakonso, anthu kuno akakugwira dzanja amagwedeza mkono wonse makamaka anyamata anzake, nde ndamuuza kuti ku tchalitchi ndi ku maliro azingowomba m'manja pang'ono nkuwerama, kapena apereke lamanzere nkupepesa.

Chimene chandidetsa nkhawa mwezi uno si mkono koma mwini wake. Wangoti zii, anzake akamapita ku giraundi iye amalowa m'nyumba. Tsiku lina anandifunsa kuti "Amalume, alipo amene anachitidwapo zimenezi nkubwereranso?" Nde ndinamufotokozera za Tommy John, woponya mpira wa baseball wa timu ya Los Angeles Dodgers ku America, amene anali woyamba kuchitidwa opaleshoni imeneyi mu 1974 ndi dokotala Frank Jobe, mpaka lero opaleshoniyo imadziwika ndi dzina lake. Nthawi imeneyo ligamenti imeneyi ikaduka ntchito imathera pomwepo, dokotalayo mwini wake anamuuza kuti mwayi wobwerera ndi umodzi pa 100, ndipo zinavutadi, mtsempha wa ulnar uja unamuvuta mpaka anamuchitanso opaleshoni ina, chaka cha 1975 chonse sanasewere. Anabwerera mu 1976 nkusewera mpaka 1989 ali ndi zaka 46, magemu amene anawina pambuyo pa opaleshoni anali 164, kuposa 124 amene anawina asanavulale. Ndinamuuzanso kuti asamaone ngati ndi matenda a anthu a baseball okha, woyamba kulemba za kuvulala kumeneku anali dokotala Waris mu 1946 ndipo amalemba za oponya javelini ngati iyeyo. Sanayankhe kanthu koma mawa lake anadzuka yekha kukachita ma ekisesaizi osamukumbutsa.

Okutobala, mwezi wa 3 kulowa wa 4

Buleisi tinasiya, mkono ukuwongoka kwangotsala pang'ono penipeni, ululu palibe. Ndipo apa mpamene ndikufuna anzanga ophunzitsa ana mumvetsetse, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri pa ulendo wonsewu ndi inoyo, si masabata a chikhakha aja ayi. Nthawi ija ululu umamulondera wokha. Pano akudzimva kuti wachira, akunyamula ndowa, akuseka, anthu akumuuza kuti aa iwe wachiratu bwanji osayamba, chonsecho tendoni ija m'katimo sinasanduke ligamenti. Afizio anandifotokozera kuti ikaikidwa imayamba yafooka kaye, magazi amayenera kulowamo, thupi nkumaimanganso pang'onopang'ono komanso mabowo a m'mafupa aja nkumaigwira, zimenezi zimatenga miyezi yambiri. Ine ndinawauza alamu kuti zili ngati mbande ya fodya, ukaiwokera kumunda imayamba yafota kaye isanagwire nthaka, anamva msanga kuposa mmene ndimawafotokozera za madigiri.

Nde mwezi uno ndi wa kulimbitsa thupi. Pali ndondomeko ya ma ekisesaizi ya oponya imene amaitcha Thrower's Ten, afizio anatisindikizira, yambiri ndi ya phewa ndi minofu ya kuseri kwa phewa, ina ya mkono. Zipangizo tapanga tokha. Chubu chakutha cha njinga tinachidula m'litali, china chopyapyala china chokhuthala, tinamanga pa mzati wa khonde molingana ndi chigongono chake, amakoka chakunja ndi cham'kati chigongono chili chigundire kunthiti atapana kathaulo kukhwapa. Mabotolo a lita imodzi amadzi ndi kilogalamu imodzi, amchenga amalemera kuposa apo, tinakawayeza pa sikelo ya mavenda a soya nkulemba kulemera kwake ndi maka. Hamala ya alamu amaigwira kumapeto kwa mpini nkumatembenuza dzanja uku ndi uku pang'onopang'ono. Ndowa yodzadza chimanga chotonola amapisamo dzanja mpaka m'kati nkumafinya, kutambasula zala, kupotokola, mphindi imodzi yokha mkono umachita kutentha.

Za hamala ndi ndowazi si zongotayitsa nthawi. Ofufuza anayeza mphamvu imene imakankha chigongono munthu akamaponya mwamphamvu nkupeza kuti ligamenti payokha singaipirire, imene imathandiza ndi minofu ija imayambira pa kafupa komweko nkutsika mkono, yopinda dzanja ndi zala ndi yotembenuza chikhatho. Minofu imeneyi ikatopa katundu yense amagwera ligamenti. Nchifukwa chake ana ambiri amavulala kumapeto kwa tsiku, aponyaponya mpaka mkono watopa koma akuti kamodzi komaliza.

Koma chimene chatenga nthawi yathu yambiri ndi miyendo ndi chiuno. Ndinakhala pansi ndi mavidiyo ake akale a pafoni nkumawayendetsa pang'onopang'ono, zinthu ziwiri zikuonekeratu poyera. Choyamba chigongono chake chimatsika, poponya chimadutsa m'munsi mwa phewa cham'mbali, mmene amagendera mbalame mwana wa kumudzi, m'malo modutsa pamwamba pafupi ndi khutu. Chachiwiri mwendo wamanzere umene umayenera kuponda nkuuma kuti gwa kuti liwiro lonse la kuthamanga likwere m'chiuno, pamsana, paphewa mpaka ku javelini, wake umapindika pabondo, nde mphamvu imathera pansi, iye pofuna kubweza imene yatayikayo amakwapula ndi mkono wokha. Mwana wamphamvu ngati uyu amaponyabe patali ngakhale akulakwitsa, nde aliyense amangowomba m'manja. Chigongono ndi chimene chimalipira ngongole ya mwendo ndi chiuno, ndipo tikangochiza chigongono nkumubwezera ndi kaponyedwe komweko ndiye kuti ndalama za fodya zija tangotaya.

Pano tsiku lililonse akuchita ma sikwati (kunjuta nkudzuka), kukwera ndi kutsika pa chitsa ndi mwendo umodzi, kuima ndi mwendo umodzi atatsinzina, ma pulanki (kukhala chafufumimba thupi lili chiwongokere osagunda pansi), kuthamanga chopingasa miyendo kuja kwa javelini manja ali m'chiuno, ndi kukwera phiri la Kasungu Loweruka m'mamawa dzuwa la Okutobala lisanayambe kulasa.

Novembala, mwezi wa 5

Tinayamba ndi kuponya kwa manja awiri. Mpira wakutha wa miyendo tinaung'amba pang'ono, kuthiramo mchenga mpaka makilogalamu 2, kusoka kwa osoka nsapato, nde amauponya ku khoma kuchokera pachifuwa, kenako cham'mbali, kenako kuchokera pamwamba pa mutu. Patapita masabata awiri opanda vuto afizio analola dzanja limodzi ndi kampira ka tenisi, pafupi, ku khoma la kalasi.

Kenako mango anapsa. Amene munakulira kuno mukudziwa kuti Novembala mnyamata sangadutse pansi pa mtengo wa mango manja ali m'thumba. Ndinali nditamuuziratu kuti chaka chino kugenda ayi, akafuna mango atenge nsungwi agwetse kapena atume ana. Lachiwiri lina wabwera ku giraundi ndikuona akuusisita mkono, ndagwira pa chipsera pali potentha komanso patupa pang'ono.

"Iwe, wachita chani?"

"Amalume ndinangogenda kamodzi basi, linali pamwamba ana amalephera."

"Ndi chani?"

"Chibuma."

Ndinakwiya, koma kwambiri ndinachita mantha, usiku umenewo tulo sindinatione. Tinaimbira afizio, anafunsa ngati anamva kuphulika m'katimo, ayi, ngati kuli dzanzi ku zala, ayi, ngati mkono ukuwongoka ngati kale, eya. Anati tisiye zoponya zonse, ayisi, ma ekisesaizi opepuka okha, tikapite akamuone. Atamuyeza pokankha chigongono cham'mbali anati chili nganganga, imene yakwiya ndi minofu ya pamwamba. Tabwerera m'mbuyo masabata awiri, tayambiranso pa manja awiri. Chibuma chimenecho sitinachiyeze koma theka la njerwa limalemera kuposa javelini imene sitikumulola nkugwira komwe, ndipo anachiponya mosakonzekera, thupi lozizira, cham'mwamba, kaponyedwe koipa kuposa konse.

Ndamuuza kuti sindimulondera ngati mbuzi, mkono ndi wake. Koma ndauzanso ana a m'mudzimo kuti akamuona watola mwala adzandiuze, ndipo akuigwira ntchitoyo mokondwa kwambiri.

Januwale, mwezi wa 6 ndi wa 7

Mvula yabwera bwino, ndipo yabwera ndi mlandu wake. Kumunda kukufunika manja, kupalira, kubandira, fodya nayenso akufuna anthu, nde pakhomo pali mnyamata wamphumphu wonenepa bwino amene akuti sangagwire khasu koma madzulo akukaponya timipira ku sukulu. Anthu ayamba kuyankhula, alamu nawonso zinayamba kuwalowa, ndipo sindiwada chifukwa aganyu ndi ndalama. Tinakhala pansi ngati banja, ine ngati mwini mbumba ndinayenera kuyankhulapo, tinagwirizana motsatira zimene afizio analola. Kubzala, kuthira feteleza, kuzula udzu ndi manja, kuthyola ndi kusoka fodya, zonsezo agwire. Khasu pang'ono, nthawi yochepa, nthaka ikakhala yofewa, ndipo tsiku limene walima saponya. Nkhwangwa, kuswa zikuni, kunyamula matumba a makilogalamu 50 ndi kukweza zinthu pa ngolo, zimenezo adikire kaye.

Kuponya kukuyenda tsopano mwa ndondomeko. Ndondomeko zolembedwa zambiri ndi za baseball, zimayambira pa mamita ngati 14 nkumakwera, 18, 27, 36 mpaka kupitirira 50, nde ife tikutsatira mitunda yomweyo koma ndi mpira wa cricket umene ndinabwereka, umalemera magalamu ngati 160, pafupi ndi wa baseball umene ndi ngati 145. Mitundayo ndinayeza ndi tepi ya amisiri nkukhoma zikhomo m'mbali mwa giraundi. Amaponya tsiku limodzi, lotsatira kupuma, osaphatikiza masiku olo zitakoma bwanji. Asanayambe amathamanga mpaka thukuta, chubu chija, kenako kuponya 25, kupuma, 25 ina. Mpira uzipita mokwera ngati uta, osati mokwapula, ndipo aziponda sitepe ndi mwendo, osaponya ataima chilili.

Malamulo a ululu ndinawalemba pa chikuto cha kope lake. Kuwawa kwa minofu kumene kumatha thupi likatenthedwa si vuto, koma tsiku limenelo sitikwera mtunda. Kukawawa kupitirira ola chimalizireni kapena kukafika mawa lake, tipume tsiku lina nkubwereza mtunda wakale. Kukabaya pa ligamenti penipeni nthawi yoponya, kapena dzanzi ku zala, tisiye pomwepo ndipo tiimbe foni. Mtunda uliwonse amaubwereza kawiri kapena katatu popanda vuto tisanasunthe chikhomo. Pano tili pa mamita 27.

Vuto lina ndi mawu oti ponya ndi theka la mphamvu. Ofufuza a ku Birmingham, Alabama anayeza oponya baseball nkupeza kuti ukamuuza munthu kuti aponye ndi theka la mphamvu, mpira umathamangabe pafupifupi 85 peresenti ya liwiro lake lonse ndipo chigongono chimalandira pafupifupi 75 peresenti ya katundu. Ndiye kuti mwana akamati amalume ndikuponya pang'onotu, sakunama, akumva choncho, koma mkono ukugwira ntchito yaikulu. Ine ndasiya kumuuza za maperesenti, ndimangoimika womuwakha pa chikhomo nkunena kuti mpira ukamufike pachifuwa mofewa moti awakhe ndi manja osamva kuwawa, akawakha nkukupiza manja ndiye kuti waponya mopyola.

Malichi, mwezi wa 9

Wagwira javelini. Osati yeniyeni, nsungwi youma yowongoka imene tinaidula mpaka inakwana magalamu 400 pa sikelo, pakati tinakulungapo chingwe pogwirira, kutsogolo tinasongola. Javelini ya amuna imalemera kuposa kasanu mpira wa baseball komanso ndi yaitali mamita 2.6 kapena kuposerapo pang'ono, nde sungachoke pa kampira nkulumphira pa 800, afizio anati tikwere masitepe, 400, 500, 600 ya atsikana ija, 700, kenako yake.

Tinayamba ndi kubaya pansi, ataima, kulunjika kachigoba ka sopo pa mamita ochepa kutsogolo kwake, nthaka ya Malichi ndi yofewa nde nsungwi imaima bwino. Ine ndimaima kumbuyo kwake mbali ya kumanja ndi foni, chimene ndikuyang'ana si pamene yagwera koma pamene chigongono chadutsa. Chikatsika timasiya, amachita kaye kopanda kanthu m'manja kangapo, nkuyambiranso. Kaponyedwe kakale kamabwerera akangotopa kapena akaona kuti pali atsikana a netiboli akuonerera, nde tasintha nthawi, tikumapita m'mawa kwambiri giraundi ili yathu yokha.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mantha. Pa mpira analibe nawo, koma atangogwira chinthu chachitali nkubweza dzanja kumbuyo, thupi linakumbuka, amafika pomasula paja nkugwira buleki, phewa kukwera, nkhope kukwinyika chonsecho akuti sipakuwawa. Sindinamukakamize. Tinakhala sabata yonse akungoyenda ndi nsungwiyo dzanja lili kumbuyo, masitepe opingasa, osaponya, mpaka tsiku lina anaimasula yekha osauzidwa, inapita mwina mamita 15 nkubaya bwinobwino. Anatembenuka nkunena kuti "Amalume, sizinawawe." Ndinangoti tola ubwereze, koma pakhosi panali patandigwira.

Amakonda kuonera mavidiyo a Julius Yego wa ku Kenya, uja anaphunzira javelini poonera YouTube nkudzawina mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Beijing mu 2015 ndi mamita 92.72. Ndimamulola koma ndimamuuza kuti aziyang'ana mwendo wamanzere wa munthuyo ndi pamene chigongono chikudutsa, asamangoona pamene javelini yagwera.

Meyi, mwezi wa 11

Pamene tili ndi apa. Mkono ukupinda wonse, kuwongoka kwatsala madigiri ngati 3 ndipo pakhala pomwepo kwa miyezi, afizio akuti zilibe kanthu. Dzanzi linatheratu. Mphamvu ya kufinya tinayeza ku Lilongwe, dzanja lamanja laposa lamanzere, mmene ziyenera kukhalira kwa munthu wamanja. Phewa potembenuzira kunja likadali lofookerapo kuposa mmene akufunira, nde chubu chikupitirira katatu pa sabata. Akuponya ya magalamu 600 imene tinabwereka, ndi masitepe atatu, nthawi zina asanu, kawiri pa sabata, osapitirira 20 pa tsiku. Kuthamanga konse kuja sitinayambe. Mwendo wamanzere wayamba kuuma, osati nthawi zonse, mwina pa kuponya kutatu kulikonse kuwiri kumakhala bwino, ndipo ukauma javelini imachoka yokha mopepuka mpaka mwini wake amadabwa.

Abwera anthu kudzandiuza kuti kuli mipikisano miyezi ikubwerayi, timulembetse, akuti ngakhale atangoponya pang'ono awina chifukwa oponya javelini ndi ochepa. Ndakana, ndipo iye anandikwiyira masiku angapo, amayankha mawu amodziamodzi. Ndinamuonetsa manambala. Gulu la dokotala James Andrews wa ku America linatsatira osewera oposa 700 amene anachitidwa opaleshoni imeneyi, lipoti lawo la 2010 likuti 83 pa 100 aliwonse anabwerera pa mlingo wawo wakale kapena kuposa, ndipo zimawatengera pafupifupi chaka, koma ambiri mwa amenewo anali a baseball. Madokotala ena a ku New York anatsatira oponya javelini okhaokha 10, lipoti la 2012, ndipo iwo zimawatengera pafupifupi miyezi 15. Komanso 83 si 100, alipo amene sabwerera, alipo amene imadukanso, ndipo opaleshoni yachiwiri zotsatira zake sizikhala zabwino ngati yoyamba, kuwonjezera apo ife ndalama yopitiranso ku Joni tilibe. Pa mpikisano palibe mwana amene amaponya pang'ono, akangomva dzina lake likuitanidwa zonse zimene tagwirizana zimauluka.

Palinso bodza lina limene ndalimva kwa anyamata a pa giraundi, akuti opaleshoni imeneyi imawonjezera mphamvu, munthu amabwera akuponya patali kuposa kale, mpaka wina anachita kunena kuti bola nayenso atavulala. Ndinawaimitsa onse nkuwauza kuti si zoona. Amene amabwera ali bwino ndi chifukwa choti kwa chaka chathunthu alimbitsa phewa, chiuno ndi miyendo zimene sanazilimbitsepo chibadwire, komanso asanachitidwe opaleshoni amaponya ndi mkono wowonongeka kale. Zonsezo atha kuzichita opanda mpeni, nde kuyambira temu ino ana onse oponya pa sukulu pathu akuchita chubu ndi ndowa ya chimanga limodzi ndi iyeyo, iye ndi amene akuwatsogolera, ndipo ndayamba kuwawerengera kuponya, akakwanitsa nambala ya tsikulo javelini ndimakatsekera ku ofesi. Mwana akati m'kati mwa chigongono mukuwawa amapuma ndipo ndimalembera makolo kuti akamuonetse kuchipatala.

Zotsatira ndi izi. Juni tikhala pa 600 mpaka masitepe asanu akhazikike, chigongono chisamatsike ngakhale atatopa. Julayi tikaonana ndi afizio, tidzatumizanso mavidiyo kwa adokotala amene anamuchita opaleshoni, akavomera tilowa 700, imene sindinaipezebe, nde ngati pali sukulu kapena kalabu kuno ku Kasungu, ku Mchinji kaya ku Lilongwe imene ili ndi ya 700 yongokhala mu sitolo tibwerekeni chonde, tidzabweza ili bwino. Ya 800 ndi kuthamanga konse tikuganiza za Seputembala, ndipo mpikisano woyamba pasanafike Okutobala ayi, udzakhalenso waung'ono, kuponya katatu basi. Nsapato zake za misomali zinang'ambika kuchidendene, ndazipereka kale kwa osoka pa msika, akuti tikatenge Lachisanu.